Nambala 214, ku Larnaka

Lachinayi usiku, m'chipinda chapansi cha labotale,
firiji ikung'ung'udza yokha ngati munthu wosowa womuyankha.
Evanthia wavula nsapato.
Patebulo pandanda timabotolo makumi atatu,
tonse ta madzi achikasu
otungidwa m'mimba mwa amphaka a kudoko.

Madziwa amawadziwa.
Ukawakweza ndi kandodo kagalasi amananda ngati therere.
Mimba imafufuma, msana n'kutsala mafupa okhaokha,
mphaka n'kumayenda monyang'ama
ngati wasenza mtsuko wodzaza
womwe wauzidwa kuti asatayeko dontho.

Kachilomboka n'kaulemu poyamba.
Kamafikira m'matumbo, mlendo wosavuta,
kudya pang'ono, kugona pakona.
Kenako tsiku lina kasintha chilembo m'dzina lake,
kalowa m'maselo omwe aja olondera thupi,
kakwera mlonda pamsana
n'kumamulozera njira.
Chilembo chimenecho ndicho Evanthia akusaka,
chaka chino n'chachitatu,
maso afiira, khofi wazizira m'kapu
yolembedwa dzina la msonkhano womwe sanapiteko.

Sabata yatha kunabwera Sotiris wosoka maukonde,
atafukata juzi yake pachifuwa.
M'juzimo munali makutu awiri.
Dzina lake? anafunsa Evanthia, cholembera m'manja.
Alibe, anatero mkuluyo. Ndimangoti psii psii, amabwera.
Papepala panalembedwa 214.

Analipo makumi anayi, anapitiriza,
kuseri kwa tchalitchi cha Lazaro.
Ndinkatsuka mbale zisanu ndi imodzi m'mawa uliwonse.
Lero ziwiri zakwana,
ndipo njiwa zikudya zotsala, zopanda n'manyazi omwe.
Anaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro.
Mwini tchalitchi uja anadzuka tsiku lachinayi, dokotala.
Awa bwanji?

Evanthia sanayankhe.
Sukulu yonse ija sinamuphunzitse yankho la funso lotero.
Anangometa ubweya pamwendo wakutsogolo,
kusaka mtsempha wopyapyala ngati ulusi wa ukonde,
n'kuuphonya kawiri.

Mankhwala alipo, inde.
Masabata khumi ndi awiri, osadumpha tsiku,
pa ola lomwelo.
Koma mphaka wa pamsewu sadziwa wotchi,
ndipo mtengo wa botolo limodzi
ndi nsomba za Sotiris za mwezi wathunthu.
Kalata yopempha ndalama za kafukufuku
yabwerako ndi mawu okoma:
tayamikira, yesaninso chaka chamawa.
Chaka chamawa mbale zidzakhala zingati?

Itakwana thuu koloko makina alira, tii, tii.
Mizere yatuluka pakompyuta,
yobiriwira, yofiira, ina yokhota ngati mchira.
Pa amphaka khumi ndi asanu ndi awiri chilembo chija chilipo.
Pa atatu palibe,
koma atatuwonso anafa.
Evanthia wagwira tsaya.
Choona chimabwera chotsimphina,
ndipo sichilola kuchikoka dzanja.
Walemba m'buku: sizikukwana. Bwerezanso.

Kuseri kwa chitseko kwamveka khwasa.

M'khola lachitatu, 214 wadzuka.
Wayang'ana mbale, wayang'ana munthu,
wayang'ananso mbale
ngati akuganiza ngati dziko lino n'loyenera kulipatsa mpata wina.
Kenako lilime, lapu, lapu,
kaphokoso kochepa kuposa ka firiji.
Evanthia waima duu, masokosi pasimenti yozizira,
kuopa kuti mpweya wake ungasokoneze.

Pasikelo, magalamu makumi atatu aonjezereka.
Kulemera kwa kiyi wa pakhomo.
Mwina ndi mnofu, mwina ndi madzi omwe aja abwerera,
wagogoda mimba ndi chala, wamvetsera,
wagogodanso.
Mphaka wamuluma pachala chachikulu,
magazi tong'o,
ndipo Evanthia waseka yekha m'chipinda chopanda zenera,
pakuti wodwala wakufa saluma.

Sanalembe kuti wachira.
Walemba tsiku, ola, magalamu,
ndi m'mphepete, ndi zilembo zazing'ono: wandiluma.

Kunja mabwato akuliza injini.
Foni ili m'manja, nambala ya Sotiris yayaka.
Akufuna kumuuza kuti atsuke mbale yachitatu.
Waibwezera m'thumba.
Atsala masiku makumi asanu ndi awiri kudza asanu ndi atatu.